Funso la Apongozi pa Thumbi

Apongozi anga si munthu wa mafunso. Chisamukire kuno ku Arda Transau kuchoka kwawo ku Chiadzwa, zinthu amangozilandira mmene zabwerera: mpopi ukauma amasenza ndowa, mvula ikachedwa amadikira, khoma likachita mng'alu amamata. N'chifukwa chake funso limene adafunsa tili pa Nyanja ya Malawi landikhala pamtima mpaka lero, ndipo ndikati ndaliyankha limadzukanso. Adali atangovuula nkhope m'madzi m'mbali mwa chilumba cha Thumbi, magalasi osambirira akadali kumaso, duku lili chuchuchu. Tonsefe tidali titanena kale zimene aliyense amanena pamalo paja, zoti nsombazo n'zokongola. Iwo sadatero. Adaponya maso kutsidya, kumene mudzi wa Chembe udayala nyumba zake m'mphepete mwa mchenga, nafunsa mwana wawo, amene ndi mkazi wanga, m'chinenero cha kwawo: "Ndiye anthuwa sadawasamutse?"

Mkazi wanga atamasulira, mnyamata woyendetsa boti adaseka, koma osati monyoza. "Tisamukire kuti, agogo? Kuno n'kwathu. Makolo athu onse adagona konkuno." Agogowo adagwedeza mutu, navula magalasi aja n'kupatsa mdzukulu wawo, ndipo za nkhaniyo sadatsegulenso pakamwa. Mnyamatayo ayenera kuti adangoti ndi zolankhula za nkhalamba yotopa ndi dzuwa. Ine ndidadziwa kumene funsolo lidachokera. Kwa apongozi anga, kayendedwe ka dziko n'kosavuta kumva: pamalo pakapezeka chinthu chimene anthu akutali ndi akuluakulu a boma akuchifuna, eni malowo amakwezedwa pa lole. Adali ataona azungu akutsika m'magalimoto ndi makamera, ataona polipira ndalama za paki, ataona alonda a yunifomu, ndipo tsopano adali ataona ndi maso awo chuma chimene chikulondedwacho. Chidapereweza masamu awo ndi lole basi.

Woyambitsa ulendowu ndidali ine, ndipo poyamba apongozi sadali m'maganizo mwanga. Agogo anga aamuna adachoka m'dera la Nankumba m'zaka za m'ma 1950, nalembetsa ku Mthandizi, nakathera m'mapulazi a fodya a ku Odzi kumene adachona. Ine ndidabadwira m'komboni, ndidakula ndi chitupa cha chilembo A, cha obwera, kufikira malamulo oyendetsera dziko a 2013 adatibwezera unzika. Madzi ambiri amene ndidawadziwa adali a mtsinje wa Odzi ndi damu la Osborne. Nyanja ndinkangoimva m'kamwa mwa agogo: usipa wa pathandala, mwera umene umakhazika amuna pamtunda, nyali za asodzi zili ngweee pakati pa madzi usiku. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo ine ndinkafuna kuti ana anga akaponde kumene agogo adalephera kubwerera. Ndalama zitakwanira, mkazi wanga ndiye adati, "Amayi tiwatenge. Chisamukire, ulendo umene amaudziwa ndi wa kumaliro ndi wa kuchipatala." Tidatulukira pa Forbes, tidadutsa Manica, tidakhotera kumpoto kudzera ku Catandica ndi Changara, tidawoloka Zambezi pa Tete, tidalowa m'Malawi pa Dedza, kenaka tidatsetsereka msewu wokhotakhota wa Golomoti mpaka kuchigwa. Njira yonseyo agogo a anawo adafumbata kachikwama ka mapasipoti pachifuwa. Munthu amene adataya munda chifukwa chopanda pepala saseweretsa mapepala.

Za boti tidapangana madzulo pamchenga, m'mawa mwake n'kunyamuka nyanja ikadali bata, poti mphepo imakonda kudzuka masana. Lidali boti la matabwa, la injini kumbuyo ndi kadenga ka nsalu, ndipo anyamata ake awiri adali atakonzeratu zonse zimene banja lingafune: majekete oyandamitsa aakulu ndi aang'ono, magalasi ndi timapaipi topumira zili m'ndowa, mpunga, tomato, kampango wamkulu wokulunga m'thumba, ndi buledi wogona amene sadali wathu koma wa nsomba. Ana anga sadziwa kusambira. Kwathu kuno mwana wozembera kumtsinje yekha amakumana ndi mkwapulo. Mnyamata wamkuluyo adawaveka majekete ndi manja ake, nakoka lamba aliyense kuona ngati wagwira, nawaphunzitsa kulavulira pagalasi ndi kutsukuluza kuti lisachite nthunzi. Mwana wanga wamkazi adanyansidwa nazo, mlongo wake adalavulira mopitiriza muyezo. Kuchokera pa Chembe, Thumbi ndi apa. Posakhalitsa tidali pamene matanthwe aakulu osalala amatsetserekera m'madzi, ng'azi ikuwothera dzuwa pamwamba pa limodzi osatilabadira n'komwe. Injini idazima, wamng'onoyo adalumphira m'madzi ndi chingwe. Madzi adali mbee, oti munthu n'kuwerenga miyala ya pansi. Adanyenya buledi nawaza, ndipo pompo madziwo adawira ndi nsomba.

Ukamiza nkhope, phokoso la dziko limaduka, n'kutsala mpweya wako wokha ukulira m'kapaipi. Kenaka nsomba zotchedwa mbuna zimakuzinga: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere yakuda, zamawangamawanga, zambiri zosapitirira chala kutalika, zikukudutsa pamphuno, zina zikukujompha cheya cha m'miyendo. Ukadekha umayamba kuona kuti si chipwirikiti chabe. Yamphongo iliyonse ili ndi thanthwe lake limene ikulilondera, ndipo ina ikayandikira imapirikitsidwa. Zina zaima chafufumimba, zikupala ndere pamwala. Mnyamata uja adamira nandilozera imodzi yotupa pakhosi, yobisala m'mng'alu: yaikazi, yofungatira mazira m'kamwa, ndipo imakhala choncho pafupifupi masabata atatu osadya kanthu. Akatswiri amati nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mitundu mazanamazana imene kwina kulikonse kulibe, ndipo poti mbuna siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, chilumba chilichonse chili ndi zakezake. Ndicho chifukwa chake boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse. Koma ine, ndikuyandama chafufumimba pamenepo, ndinkaganiza za agogo. Adakulira kufupi ndi malo amenewa, adandisimbira za nyanja mpaka tsiku lawo lomaliza, koma za maonekedwe awa sadatchulepo. Nsomba ankazitchula ndi kukoma kwake: chambo chowotcha, utaka wofutsa, kampango wa msuzi. Mbuna zidali tinsomba ta anyamata a mbedza, tosayenera kuikira mlendo. Chuma chimene lero anthu amachikwerera ndege chidali pakhomo pawo, koma iwo adapita kukathyola fodya wa mzungu, chifukwa msonkho sunkalipiridwa ndi kukongola.

Mkamwini sasamba pamaso pa apongozi. Pamenepa mwambo wa kwathu ndi wa kwawo sukangana. Ndidalowa m'madzi ndi malaya omwe, mbali ina ya boti, ndipo iwo adakhala moyang'ana kuphiri, chitenje kumutu. Amene adawagonjetsa ndi mdzukulu wawo wamkazi, amene ankangovuuka n'kumafuula, "Agogo, bwerani mudzaone!" Adakana, nakananso, mpaka anyamata aja adakokera boti pamalo osaya, pamene thanthwe lidayala pansi pa madzi. Adatsika ndi zovala zonse, nakhala pansi madzi akuwafika m'chiuno, mwana wawo atawagwira phewa. Kapaipi adakakana, adati za m'kamwa mwa anthu ena iwo ayi. Adangokoka mpweya, naweramitsa mutu, navuuka msanga modzidzimuka, kenaka naweramanso, ndipo ulendo uno adakhalitsa mpaka mkazi wanga adawakoka. Mafunso adabwera atatu, motsatana. Loyamba: kodi zimadyedwa? Mnyamata adati zimadyedwa, koma pano ayi, pakuti lamulo limaletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera pagombe la paki. Lachiwiri: nanga mwini wake ndani? Adati ndi boma. Lachitatu ndi lija. Ndikamakumbukira mndandanda umenewu ndimaona kuti sadali mafunso a munthu wozizwa. Adali mafunso a munthu amene njira imeneyi adayendamo kale, ndipo akudziwa kumene imathera.

Ku Chiadzwa miyala ina yake idalipo chikhalire. Anthu a kumeneko amasimba kuti ana ankaigenda mbalame. Mu 2006 mbiri idabuka yoti ndi dayamondi, ndipo magweja, okumba mozembera lamulo, adakhamukira kumeneko zikwizikwi kukakumba miyalayo ndi makasu, m'minda ya anthu, m'mabusa, ngakhale kuseri kwa makola. Chakumapeto kwa 2008 kudabwera asilikali, agalu ndi ndege za helikopita. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba mu 2009 kuti anthu oposa 200 adaphedwa. Pambuyo pake kudabwera makampani ndi mipanda ya waya, ndipo pambuyo pa mipanda kudabwera malole. Kuyambira cha m'ma 2010 mabanja oposa 1,000 adatsitsidwa pa pulazi ino ya boma, pafupi ndi Odzi, kumadzulo kwa Mutare. Apongozi anga adalandira nyumba ya njerwa, ndipo iwo eni amavomera kuti imaposa imene adaisiya. Adalandira madola 1,000 a ku America opepesera chisokonezo, ndi zakudya zimene zidabwera kwa kanthawi kenaka n'kuleka. Zimene adasiya sizidalembedwe pa pepala lililonse: milambe imene ankatola malambe ogulitsa ndi kusenda luzi lolukira mikeka, tchire limene mbuzi zawo zinkadya osapempha munthu, ndi manda a amuna awo, amene adafukulidwa n'kukaikidwa kwina. Mu 2016 Robert Mugabe adanena yekha kuti dayamondi wa madola oposa 15 biliyoni adatuluka m'nthaka imeneyo, koma boma lidaona kachigawo kochepa chabe. Apongozi adamva zimenezi pa wailesi ali pakhonde, akusenda nandolo. Sadafunse kanthu.

Kwa nthawi yaitali yankho langa lidali lakuti chuma chili mitundu iwiri. China chimapindula chikachotsedwa: dayamondi ali m'nthaka sathandiza aliyense, ndipo womufuna ayenera kugadabuza dziko lonse, minda ndi manda omwe. China chimapindula chikasiyidwa pomwe chili. Mbuna ya pa Thumbi ukaikazinga ndi ndiwo ya mwana mmodzi kamodzi kokha. Ukaisiya, mawa idzaitananso boti lina la alendo, ndipo mnyamata uja adzagula ufa, mayi wa tomato adzagulitsa, mmisiri wokhoma maboti adzapeza ganyu. Chuma chotere chimafuna anthu okhala nacho pafupi, odziwa thanthwe lililonse ndi nthawi imene mphepo imatembenuka. Pamene ankalemba malire a paki, midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo idasiyidwa m'kati momwemo, anthu ake osachotsedwa. Yankho limeneli ndidalikonda. Ndi laudongo, limakwana m'chiganizo chimodzi, ndipo lidandilola kukhulupirira kuti dziko la agogo anga lidasankha bwino kuposa dziko limene ndidabadwiramo. Munthu amene adakula ndi chitupa cha A amalakalaka nkhani zotero.

Koma zimene ndidaona madzulo, ndikuyenda kuseri kwa malo ogona alendo, zimakana kulowa m'yankho limenelo. Mbali yabwino ya gombe idatengedwa ndi malo amenewa, ndipo amayi otsuka mapoto amatsikira kunyanja kudzera m'tinjira topanikizika pakati pa mipanda. Wofuna nkhuni m'phiri la paki amayamba wapeza chilolezo. Msodzi amene bambo ake ankaponya khoka pakhomo, iye amapalasa kutali. Nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka, likodzo lidachuluka m'madzi a kumeneko. Ife alendo tidagula mapiritsi oti tidzamwe tikafika kwathu, pamene mwana wa pa Chembe mawa lake adali m'madzi momwemo. Kutsala nakonso kuli ndi mtengo wake. Ndipo Malawi malole amawadziwa. Paki ya Nyika itakuzidwa mu 1978, anthu adachotsedwa m'midzi yawo, osati chifukwa cha mgodi koma chifukwa cha nyama ndi mapiri, chuma chosiya pomwe chili chomwecho. Mbuna nazonso zimagwidwa kwina m'nyanjamo n'kukwezedwa ndege kukakhala m'matanki a galasi ku Ulaya ndi ku America. Mu 2011 boma la Malawi lidapereka ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanja yomweyi. Ngakhale njira imene tidadzera ili ndi nkhani yake: kupitirira Moatize kuli Cateme, kumene mabanja mazanamazana adasamutsidwirako kuti apereke malo ku migodi ya malasha, pa nthawi yomweyo imene a ku Chiadzwa ankakwera malole. Choncho kutsala kwa a ku Chembe si chikhalidwe cha nsomba. Ndi chigamulo cha anthu, ndipo chimene anthu adagamula anthu ena angathe kuchigamulanso. Funso la apongozi silidali la zakale zokha.

Pali nkhani ina imene mnyamata wa boti adatiuza monyadira, ndipo pambuyo pake ndidapeza kuti ofufuza adailembadi. Si mbuna zonse za pa Thumbi zili za pa Thumbi. M'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina wogulitsa nsomba kunja adatayira pamenepo nsomba zimene adazitenga kumpoto kwa nyanja, zina za mtundu umene akatswiri amautcha Cynotilapia afra. Mu 1983 zinkapezeka pa ngodya imodzi yokha ya chilumbacho, pa Mitande. Pofika 2001 zidali zitazungulira chilumba chonse, zitakwatirana ndi eni malo a mtundu wa Metriaclima zebra, n'kubereka ana a maonekedwe atsopano. "Mukuona, bwana," adatero mnyamatayo, "zidabwera zachilendo, pano ndi eni mudzi." Nkhani imeneyi imandikopa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Nsomba imeneyo ndine, ana ake ndi ana anga, ndipo n'kosavuta kupita nayo kwa apongozi n'kunena kuti, Amayi, taonani, chosamutsidwa chimakhala ndi moyo. Sindidawauzepo. Nsomba sidasiye manda kumpoto. Wamalondayo sadaitaye pa Thumbi chifukwa choifunira zabwino. Adachita zomukomera iye, ndipo kupulumuka kwa nsombayo sikusandutsa chochita chakecho kukhala chifundo. Nkhaniyi ingawerengedwenso osati ngati chipambano, koma ngati chenjezo la mmene dzanja limodzi lingasokonezere zimene zidatenga zaka zikwizikwi kuti zikhazikike. Alendo a maofesi akabwera kuno ku Transau amaona chimanga chili biriwiri kuseri kwa nyumba, ana a yunifomu akupita kusukulu, mbale ya kanema padenga, n'kukalemba kuti anthu adazolowera. Anthu amazolowera poti mimba sidikira mlandu kuti uthe. Kuzolowera kwa wosamutsidwa si umboni wakuti wosamutsa adachita bwino.

Ndiponso pali amene adapezedwa kale kuno. Malole a ku Chiadzwa akufika, ife a m'makomboni a ku Odzi tidaima m'mbali mwa msewu kuonerera. Ambiri mwa ife ntchito ndi pogona zidatithera pamodzi mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000, ndipo pogawa minda mayina athu sadamveke kawirikawiri. Tidaona nyumba zatsopano zili ndandanda, zopaka utoto, n'kumati anzathuwa mwayi wawagwera. Iwo potiyang'ana ankaona anthu opanda kumudzi, opanda mtupo kapena kuti mfunda, amene sangamvetse chimene munthu amalira akasiya dziko la makolo ake. Tidalimbirana nkhuni, msipu ndi madzi, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye ali bwino. Ine ndidakwatira kutsidya kwa mkangano umenewo. Tsiku la malowolo amalume a mkazi wanga adafunsa kudzera mwa nkhoswe kuti mnyamatayu kwawo n'kuti. Tidati ku Odzi. Adafunsanso, mawu atakwera pang'ono: kwawo kwenikweni. Tidati ku Nankumba, dziko limene ndidali ndisadalionepo. Pakhomo padati zii. Amene adamasula ndi apongozi omwewa, akulankhulira pamphasa ya amayi, mutu uli pansi: "Mlekeni mwana wa eni. Ifenso lero akatifunsa, tiyankha kuti kwathu n'kuti?" Mwina n'chifukwa chake sindingathe kulitaya funso lawo la pa Thumbi. Amene adandilandira popanda kwathu ndi yemweyo amene adayang'ana kwathuko n'kudabwa kuti kukadali anthu.

Tsikulo silidali la maganizo olemera okhaokha, ndipo kulisimba choncho n'kulinamizira. Tidadya mpunga ndi kampango wowotcha pamthunzi, ana akunjenjemera ndi kuzizira koma akukana kuvula majekete. Pobwerera anyamata aja adaimitsa boti pansi pa mitengo italiitali ya pachilumba, wina nabaya kansomba ndi kabango kuti kasamire, naimba mluzu, naponya. Nkhwazi idachoka pansonga pa mtengo, idazungulira, idatsika miyendo ili patsogolo, ndipo tisanaphethire kansomba kadali m'zikhadabo. Apongozi adaomba m'manja naseka mpaka kutsokomola; mbalameyo adaidziwa, ya m'mitsinje ya kwawo. Kwa anthu a mtundu wathu si kawirikawiri kutha tsiku lonse ukuyang'ana chinthu osawerengera kuti uchidya bwanji, uchigulitsa zingati, kapena akulanda liti. Ana anga adatha kutero mosavuta. Inenso ndidayesa, ndipo kwa kamphindi zidatheka. Nthawi zina ndimalakalaka apongozi akadangosangalala ngati adzukulu awo, osaona lole kuseri kwa nsomba. Mkazi wanga amanditsutsa. Akuti amayi ake adasangalala kuposa tonsefe, ndipo mpaka lero amasimbira azimayi anzawo a kutchalitchi za nsomba yosunga ana m'kamwa, akuchita kutupitsa masaya poonetsa. Akuti kusangalala ndi kuwerengera zidawachitikira pa mpweya umodzi womwewo, ndipo palibe chimene chidachepetsa chinzake. Mwina ali ndi mfundo. Mwina ndine amene ndikufuna kuti tsiku likhale la chinthu chimodzi.

Titabwerako, mwana wanga wamwamuna adafunsa kuti popeza kwa agogo a bambo tapita, kwa agogo a mayi tidzapita liti. Kuti tikaone kwa agogo anga tidadutsa malire a mayiko awiri ndipo palibe adatiletsa. Chiadzwa ili m'boma lomwelino la Mutare, ulendo wosakwana tsiku, koma mbali ya migodi ndi dera lotetezedwa, la zipata ndi alonda, kumene mlendo amafunsidwa kalata, ndipo pamene padali mudzi wa apongozi akuti pali maenje ndi milu ya dothi. Nkhaniyi takhala tikukangana nayo usiku ana akagona. Mkazi wanga akuti ndikufuna kukaonetsa ana chilonda. Ine ndikuti chilondacho ndi chawo kale, ndipo mwana amene waona matanthwe a Thumbi ayenera kuonanso zimene zimatsala chuma chikachoka. Iye akuti ndikulankhula ngati munthu amene kwawo adakupeza kuli bwinobwino, ndipo pamenepa ndilibe choyankha. Tidaitengera nkhaniyo kwa mwini wake. Sadagamule kuti wolondola ndani. Adangoti ngati n'kupita, tisadzapite nthawi yolima, ndipo ndalama ya basi ya iwo adzalipira okha.